Bondo la a Chidendene

Achemwali anga ankakwera masitepe ngati munthu amene wabisa dzira m'thumba. Mwendo wamanzere ndiwo unkatsogola, wamanja n'kumakokedwa pambuyo, dzanja lili pakhoma. Akafika pamwamba ankaima kaye n'kumayang'ana pawindo ngati akuona nyengo, koma ife apachibale tinkadziwa kuti akudikira kuti bondo litonthole. Anzawo a kuntchito, kukampani yochapa nsalu za m'mahotela, ankati ndi nyamakazi, ndipo achemwaliwo sankawatsutsa. Ankangotenga ayironi n'kuyamba kusita mulu wa nsalu zapabedi, ali chiimire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nthunzi ili tolo kumaso.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ntchito yanga ndi yometa anthu, ndipo ndinalipo tsiku limene bondolo linawonongeka koyamba.

Kale, asanakwatiwe, achemwali anali munthu wa kareti, masewera omenyana mateche aja. Anayamba ali kusekondale, muholo ina yamalata kuseri kwa depoti ya mabasi, momwe madzulo anyamata ankayala timatiresi topyapyala n'kumakuwa ngati akuthamangitsa wakuba. Bambo athu anali kalipentala. Atamva za nkhaniyi anasiya kupala thabwa n'kunena kuti, "Mwana wamkazi womakweza mwendo pamaso pa amuna, adzamufunsira ndani?"

Mayi anayankha ali kukhitchini. "Amene adzaope mwendo wake asabwere n'komwe. Adzakhala watipeputsira ntchito."

Bambo anapitiriza kupala thabwa lawo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Achemwali anali aatali, ochepa thupi, ndipo anali ndi theche lawolawo. Ankatembenuka ngati akuthawa, mnzawo n'kumati ndapeza mpata, kenako chidendene n'kutulukira pafupi ndi khutu. Ndi mmene dzina la Chidendene linayambira. Anyamata a m'dera lathu ankawapatsa moni ndi manja awiri. Ngakhale ine ndinkadyera nawo ulemuwo, poti munthu akafuna kundiputa mnzake ankamutsina khutu kuti, "Iwe, ameneyo ndi mlongo wake wa Chidendene."

Atalandira lamba wakuda, wa akatswiri a kareti, anasankhidwa kukachita nawo mpikisano waukulu, umene opambana ake ankapita kunja. Tinapita banja lonse, ndi bambo omwe, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Munthu woyamba achemwali anamugonjetsa tisanakhazikike n'komwe. Polimbana ndi wachiwiri anadumpha n'kutera pamene matiresi awiri anapatukana. Phazi lamanja linalowa mumpata n'kukanirira, koma thupi linapitiriza kuzungulira. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, komabe ndinamva kuti thoo, ngati nthambi youma. Sanalire. Anayesa kudzuka, mwendo unapindikira cham'mbali, anakhalanso pansi n'kumaliyang'ana bondolo ngati ndi la munthu wina.

Dokotala anati mtsempha wam'kati waduka ndipo pakufunika opareshoni, koma adikire, adzaitanidwa. Akudikira choncho mayi anadwala sitiroko. Wowasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza anali achemwali omwewo, akutsimphina. Pamene achipatala anawaitana, mayi anali kayakaya, ndipo achemwali anati bondo lidikire kaye. Mayi atatisiya, kutupa kunali kutaphwa, mwendo unkayendeka, ndipo nkhani ya opareshoni inangozilala yokha. Anzawo a kareti poyamba ankabwera ndi malalanje, kenako ankangotumiza moni, mapeto ake ndi moniyo anasiya. Mphunzitsi wawo anapeza mtsikana wina wamiyendo italiitali.

Anakwatiwa ndi dalaivala wa thiraki, munthu wofatsa amene sankakhalitsa pakhomo. Anabereka mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo asanayambe sukulu, alamu anga aja anapeza khomo lina kumene ankatsitsa katundu, ndipo ulendo wina sanabwerenso. Achemwali anamulera mphwangayo ndi ayironi. M'nyumba mwawo kareti sankatchulidwa. Pa TV pakabwera filimu ya anthu omenyana mateche, iwo ankakumbukira kuti pamoto pali madzi.

Zaka zinapita choncho. Mphwanga anamaliza sukulu, anakwatiwa, n'kusamukira kumzinda wina wakutali. Nyumba inakhala zii. Achemwali anayamba kumadzera kushopu kwanga akaweruka, n'kumakhala pabenchi ya odikira kumeta. Amuna ankatsutsana za mpira mpaka kutuluka thovu kukamwa, iwo ali phee, chikwama chili pamiyendo. Ndinkati akungothawa kukakhala okha. Sindinazindikire msanga kuti makutu awo ali kutsidya kwa msewu.

Kutsidyako kuli galaja, ndipo pamwamba pa galajayo panali chipinda chophunzitsiramo nkhonya. Madzulo aliwonse tinkamva kuti du, du, du, matumba amchenga akumenyedwa. Ife tinazolowera moti sitinkamvanso. Tsiku lina kasitomala womaliza atatuluka, ine ndikusesa tsitsi, achemwali anati, "Achimwene, kumwambako amalandira akazi?"

Ndinaseka. "Akazi a msinkhu uti?"

"Wanga."

Ndinaimika tsache. "Achemwali, fupa lokakamiza limaswa mphika. Inu ndi bondo limenelo mukatani kumeneko?"

"Nkhonya ndi manja," anatero. "Manja anga alibe vuto, ndakhala ndikunyamula ayironi zaka zonsezi. Bondo lizingondiperekeza."

"Anthu aziti chiyani? Muli pafupi kukhala agogo."

Akakwiya ankaiwala zoti ndinakula. "Iwe, ukaweruka umapeza mkazi wako ndi ana akulimbirana rimoti. Ine ndimapeza khoma. Ndimalankhula ndi ketulo. Anthu akowo aziti chiyani pamenepo?"

Mawa lake ndinawaona akuwoloka msewu, n'kuyamba kukwera masitepe achitsulo a m'mbali mwa galaja, amodziamodzi.

Mwini malowo tinkangowatchula kuti a Kochi. Anali bambo wachikulire, wa mphuno yophwanyika, amene masana ankawotcherera zitsulo pagalajapo. Khutu lawo limodzi silinkamva, choncho ankalankhula mokuwa ngakhale popereka moni. Ankameta kwa ine, ndiye zambiri za kumwambako ndinazimva kwa iwo, zina ndinadzionera ndekha. Chipindacho chinali chadenga lotsika, chonunkha thukuta ndi oyilo. Munali galasi lalikulu long'aluka pakati, matumba opachikidwa pachitsulo, ndipo pakona anamanga bwalo la zingwe limene iwo eni analiwotcherera.

Achemwali sanabise kanthu. Anafotokoza za kareti, za mpikisano, ndi za opareshoni imene sinachitike. A Kochi anawakhazika pabenchi, anagwira mwendo pansi pa bondo n'kuukoka pang'ono. Unabwera kutsogolo mosavuta.

"Ilitu likusewera ngati dirowa ya tebulo," anatero. "Mayi, amene anakuuzani kuti nkhonya ndi manja anakunamizani. Nkhonya imayambira kuphazi, imadutsa pabondo, imakwera m'chiuno, ndiye n'kufika kudzanja. Dzanja ndi wotumidwa chabe."

"Ndiye mukundibweza?"

A Kochi anakanda m'mutu. Pambuyo pake anandiuza kuti ankafunadi kuwabweza, koma anaona mmene mayiyo ankayang'anira matumba aja, ngati munthu wanjala pakhomo la malo odyera. Anawalola, koma anawaikira malamulo. Aziimika mwendo wamanja kutsogolo monga amachitira amanzere, kuti kupotoka konse kuzigwera mwendo wabwinowo. Azimanga bondo ndi bandeji asanayambe. Asamadumphe chingwe. Ndipo m'bwalo la zingwe asalowemo, azingomenya thumba basi.

Masabata oyamba anali ovuta, osati chifukwa cha bondo, koma chifukwa thupi lawo linali lodzaza kale ndi kareti. Akaponya nkhonya, dzanja linkabwerera m'chiuno monga anaphunzirira ali mtsikana, nkhope n'kutsala poyera, chibwano chili m'mwamba. A Kochi ankawagogoda pachipumi ndi thaulo lokulunga. "Manja kumaso! Kuno sitijambulitsa!" Amayesa, zikuyenda, pakapita kanthawi dzanja labwereranso m'chiuno. A Kochi ankadandaula ali pampando wanga wometera kuti, "Munthu wosadziwa kanthu ndi wosavuta kumuphunzitsa. Koma alongo anuwa ndiyenera ndiyambe ndagumula nyumba yakale, ndipo ndi nyumba yomangidwa bwino."

Tsiku lina thumba linabwerera mwamphamvu n'kulunjika kumaso kwawo. Asanaganize n'komwe, mwendo wamanzere unanyamuka n'kulimenya thumbalo kuti phaa, mpaka unyolo unalira kudenga. Anyamata onse anasiya zimene ankachita n'kuyamba kuwomba m'manja. Mmodzi anati, "Amayi awa si anthu!" Achemwali anaseka mwamanyazi, koma a Kochi sanaseke.

"Mwendo umenewo muziusiya panja pamodzi ndi ambulera," anatero. "Mwaimira bondo liti pomenya pamenepa?"

Achemwali anayang'ana pansi. Anali ataimira lovulalalo.

Komabe miyezi imene inatsatira ndi imene ndinawaona achemwali ali moyo. Mapewa anadzuka. Anagula magolovesi ofiira ogwiritsidwa kale ntchito n'kumawapukuta ngati nsapato za ukwati. Ankabwera kushopu kwanga thukuta lili kamukamu, n'kumalowerera mikangano ya mpira ngakhale sankadziwa dzina la wosewera ndi mmodzi yemwe. Mkazi wanga anati, "Alamu apeza chibwenzi, si nkhonya zokha zimenezi." Achemwali atamva anaseka mpaka misozi. "Inde ndapeza. Ndi wonenepa, samayankha, ndipo ndikamumenya amabwereranso."

Koma ndinkaonanso zina. Ndikawadzera kunyumba Lamlungu ndinkawapeza atatambasula mwendo pampando, botolo la madzi oundana atalikulunga m'thaulo n'kuliika pabondo, bondolo litatupa ngati dzungu. Pawindo panali mapaketi opanda kanthu a mankhwala opha ululu. Ankamwa asanapite kuntchito, ankamwanso asanakwere kumwamba kuja.

"Mwana wanu akudziwa zimenezi?" ndinafunsa.

"Ali ndi pakati. Musamusokoneze."

"Nanga a Kochi?"

"Achimwene, linkatupa ndisanayambe nkhonya. Linkatupa chifukwa cha nsalu za anthu ena. Bola pano likutupira ine."

Kumwambako kunali mkazi mmodzi yekha kuwonjezera pa achemwali. Ankagwira ntchito yothira mafuta m'magalimoto, ndiye onse ankamutchula kuti Petulo. Anali wamfupi, wojintcha, mayi wa ana awiri, wolongolola moti a Kochi ankati amathokoza Mulungu chifukwa cha khutu lawo logontha lija. Iye ankawatchula achemwali kuti anti, ndipo poweruka ankawanyamulira chikwama potsika masitepe. Awiriwa anagwirizana kwambiri. Achemwali ankamusitira yunifolomu, iye ankawaphunzitsa kubisa chibwano.

Petulo anali ndi nkhonya yake yoyamba ya pamaso pa anthu imene inkayandikira, ndipo analibe woyeserera naye. Anyamata ena ankamumenya mopitirira kuti asaoneke ofooka, ena ankangomusisita chifukwa ndi mkazi. Choncho anayamba kuwanyengerera a Kochi kuti alole anti alowe m'zingwe.

"Pang'onopang'ono chabe, a Kochi. Sindiwapweteka, ndi mayi anga awa."

A Kochi anakana kangapo. Achemwali nawo anayamba kupempha. Ankati atopa kumenya chinthu chosaphethira. Mapeto ake bambo aja anafooka. Anati azimenyana mopepuka, ndipo iwo akangoti basi, zithere pomwepo.

Maulendo oyamba zinayenda bwino. Achemwali anali ndi manja aatali ndipo ankadziwa kuwerenga maso a munthu. Petulo ankatuluka m'zingwe akudandaula moseka kuti anti ndi mfiti, amadziwa nkhonya isanabadwe. Ine ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinkadandaula pachabe.

Loweruka lina masana magetsi anazima, makina ometera anangoti zii, ndiye ndinatseka shopu n'kuwoloka msewu kuti ndikaonere. Ndinapeza awiriwo ali kale m'zingwe. Tsiku la Petulo linali litayandikira kwambiri ndipo mtima wake unali m'mwamba. Sankalongolola. Ankalowa mwamphamvu, mutu uli pansi, n'kumawakankhira achemwali kumbuyo. Achemwali ankayesa kuzungulira, koma bondo silinkawalola kufulumira. Ndinaona akutsimphina pobwerera, ndipo a Kochi nawo anaona, chifukwa anakweza dzanja n'kutsegula pakamwa.

Sanathe kunena. Petulo anali atawapanikizira achemwali pakona. Anawamenya m'mimba kawiri, kenako nkhonya ina inaphonya magolovesi n'kuwapeza pamphuno. Maso a achemwali anadzaza misozi, sankaonanso. Ndipo mwendo wamanzere unanyamuka wokha. Sunali wa mayi wosita nsalu. Unali wa mtsikana wa muholo yamalata uja, wachangu, woongoka, ndipo unamupeza Petulo m'nthiti ndi mphamvu yonse. Nthawi yomweyo bondo lamanja, limene linasenza thupi lonse likupotoka, linagonja. Onse awiri anagwa.

Petulo anadzipinda, kukamwa kuli yasa, mpweya ukukana kulowa. Achemwali anadzikwawitsa ndi zigongono kupita kumene anali, mwendo ukukokeka pambuyo, magazi akutuluka m'mphuno.

"Mwana wanga, pepa," ankatero. "Pepa. Sindinafune. Puma, mwana wanga, puma."

A Kochi analowa m'zingwe. Anamukhazika Petulo tsonga, anamumasula magolovesi, n'kutuma anyamata kuti akaimitse galimoto. Achemwali tinawatsitsa masitepe titawanyamula anthu atatu. Sanabuule ngakhale pang'ono. Ankangofunsa kuti, "Akupuma? Mwamuona, akupuma?"

Petulo anathyoka nthiti. Nkhonya yake ija anakamenya munthu wina. Mwamuna wake, amene kuyambira kale sankakondwera nazo, anabwera pagalaja n'kuwalalatira a Kochi pamaso pa makasitomala, ndipo ananena kuti mkazi wake sadzapondanso kumwambako.

Achemwali dokotala anawauza kuti tsopano si mtsempha wokha. Kanyama kofewa kamene kamakhala pakati pa mafupa kanali katatha kalekale, mafupa ankangokhulana okhaokha, ndipo kugwa kumeneku kunang'amba kotsalako. Anawafunsa kuti anavulala bwanji. Iwo anati anaterereka. Ulendo uno opareshoni inachitika, koma bondo silinabwerere. Linauma. Silinkapindika mokwanira kuti akhale bwino pampando wa basi, silinkawongokanso mokwanira kuti aime nthawi yaitali.

Atatuluka m'chipatala anakhala kwathu, m'chipinda cha ana. A Kochi anabwera kudzawaona tsiku lina madzulo, atavala ovolosi yawo ya kuntchito, atanyamula nthochi m'pepala. Anakhala pakampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, n'kumazunguza chipewa m'manja. Kwa nthawi yoyamba ndinawamva akulankhula motsitsa.

"Ine ndi amene ndinalakwa, mayi. Ndinaliona bondolo tsiku loyamba. Ndinkadziwa."

"Munandiuza," anatero achemwali. "Munandiuza zonse. Ndine ndinakakamira."

Panja ana ankasewera mpira wamapepala. Kenako a Kochi anapukusa mutu, ngati munthu amene mawu akumutuluka asakufuna.

"Koma theche limenelo, mayi. Ndakhala m'masewerawa moyo wanga wonse. Sindinaonepo loyera choncho."

Achemwali anatembenukira kukhoma. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Sanalire pamene bondo linaduka koyamba, sanalire alamu atapita, ndipo pamaliro a mayi ndi iwo ankatonthoza ena. Koma tsiku limenelo analira mpaka mkazi wanga anabwera kuchokera kukhitchini n'kutitulutsa tonse. A Kochi anaima pakhonde, chipewa chili m'manja, n'kundifunsa kuti, "Ndalakwitsa kunena?" Ndinawauza kuti sindikudziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa.

Kuntchito anawalandira bwino poyamba. Abwana anawapatsa mpando kuti azipinda matawulo atakhala. Koma wopinda matawulo analipo kale, ndipo patebulo lositira panafunika munthu woima. Patapita miyezi ingapo anawaitanira muofesi, anawathokoza chifukwa cha zaka zonse zimene anagwira, n'kuwauza kuti akapume. Anzawo anasonkherana n'kuwagulira fulasiki.

Atayamba kuyenda ndi ndodo imodzi anandipempha kuti ndiwaperekeze kumene Petulo ankagwira ntchito. Anali atamuimbira foni kangapo koma sinkayankhidwa. Ndinayesa kuwaletsa, anakana. Tinapita m'mawa. Anavala diresi lawo labwino ndipo m'chikwama anaikamo magolovesi ofiira aja.

Tinamupeza akuthira mafuta m'minibasi. Anali ataonda. Atationa anamaliza kaye ntchito yake, anapachika paipi, ndiye n'kubwera pang'onopang'ono akupukuta manja.

"Anti."

"Mwana wanga, uli bwanji?"

"Ndilipo. Zinapola. Kungoti ndikaseka zimandibayabe, ndiye ndinachepetsa kuseka."

Achemwali anayamba kupepesa, koma Petulo anawadula. "Zinachitika zinachitika, anti. Ndine ndinakukakamizani kulowa m'zingwe. Sindinakusungireni kanthu kumtima." Ankalankhula akuyang'ana ndodo ija, osati nkhope yawo.

"Udzabwerera? Ukadali mwana iwe. Abambo akunyumba ndingathe kukalankhula nawo, ndikawagwadire."

"Musadzivutitse. Magolovesi anga anawawotcha kale."

Achemwali anatsegula chikwama n'kutulutsa awo. "Tenga awa. Uwabise kuntchito kuno."

Petulo anawayang'ana magolovesiwo koma sanatambasule dzanja. "Ndizitani nawo, anti? Ngakhale akanandilola. Masiku ano mwana wanga akangondithamangira kuti andikumbatire, ndimadziteteza ndi chigongono. Munthu wotero angalowenso m'zingwe?"

Galimoto ina inaliza hutala. Petulo anati, "Pepani, ntchito," n'kupita. Tinaima pamenepo kanthawi, fungo la mafuta lili m'mphuno, kenako achemwali anabweza magolovesi m'chikwama. Titafika pashopu yanga anandipatsa magolovesiwo kuti ndikawasiye kwa a Kochi, apatse aliyense amene angamukwane.

Mphwanga atabereka anabwera kudzawatenga mayi ake. Anali atamva zonse ndipo anandikalipira ngati ndine mwana. "Amalume, munkaona zonsezi osandiuza?" Achemwali anamuletsa. "Asiye amalume ako. Ndinawatseka pakamwa ndine." Katundu wawo anakwana m'galimoto imodzi yaing'ono. Nyumba ija munalowa anthu ena.

Tsopano amakhala kumzinda wakutaliko, m'chipinda chimodzi ndi mdzukulu wawo. Ndinapitako kamodzi. Ananenepa, tsitsi layera, ndipo amakhala pampando wapafupi ndi khomo, mwendo uli pakatebulo, mwana ali pachifuwa. Mphwanga anandidandaulira kuti achipatala anawapatsa zolimbitsa bondo zoti azichita m'mawa uliwonse, koma amakana. Nditawafunsa anati, "Ndilimbitse kuti lipite kuti?" Mkamwini wawo ndi munthu wabwino, amawalemekeza, ndipo anawagulira TV yawoyawo. Iye amadziwa kuti apongozi ake anagwa pamasewera olimbitsa thupi, basi.

Amandiimbira foni Loweruka lililonse masana. Amafunsa za ana, za mkazi wanga, za shopu. Kwa nthawi yaitali, tikatsala pang'ono kutsazikana, ankafunsanso kuti, "Nanga mwana uja, simunamuone akukwera kumwambako?" Ndinkati ayi. Ankati, "Mukamuona mumuuze kuti..." n'kusiyira pomwepo, ndipo ine sindinkawafunsa kuti ndimuuze chiyani.

Mwezi watha ndinadutsa pamalo othira mafuta paja n'kupeza pali mnyamata wina. Anandiuza kuti Petulo anasiya ntchito, mwamuna wake anasamutsidwa ndipo banja lonse linapita, sakudziwa kuti kuti. Loweruka lake ndinawauza achemwali. Pafoni ndinkangomva chapatali kamwana kakulira ndi madzi akutuluka pampopi.

"Chabwino," anatero. "Kumeneko mvula yayamba?"

Ndinati sinayambe. Anati kwawoko nakonso sinayambe, kukungotentha. Kenako anati mwana wadzuka, adzaimbanso.